Liu Limene Linandigwetsa M'manyazi

Akonzi a magazini yathu ino anandipempha kuti ndilembemo kanthu, ndipo ndinakhala masiku atatu ndiri kuganiza za mpira, za nyemba za ku dainingi ndi zina zotere zimene anzanga amakonda kuwerenga. Koma potsiriza ndaona kuti kuli bwino ndiulule ndekha mlandu wanga, pakuti a Fomu 4 anzanga akuudziwa kale, ndipo akhala ali kuufotokozera a Fomu 1 moonjeza mchere. Mlanduwu ndi wa liu limodzi la Chingerezi, la malemba anai okha, liu lakuti spew. Amene mukuseka kale, sekani ndithu. Koma muwerenge mpaka kumapeto, chifukwa chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe.

Zinachitika pamene ndinali mu Fomu 2, teremu yachiwiri. Pa sukulu pano panabwera mlendo, bambo wachikulire amene anagwira ntchito ya uphunzitsi zaka zambiri asanapume, kuti adzatilangize mu holo za kulimbikira maphunziro. Popeza ndinali kutchuka pang'ono kuti Chingerezi ndimachitha, ahedi anandisankha kuti ndidzathokoze mlendoyo m'malo mwa ana onse. Ndinakondwa kwambiri, ndipo ndinatsimikiza mumtima kuti tsiku limenelo anthu adzadziwa kuti pa sukulu pano pali mnyamata. Dzulo lake ndinali nditawerenga mu laibulale nyuzipepala yakale yosimba za phiri la Nyiragongo la ku Congo, limene linaphulika pa 22 May 2021 ndi kutsetsereka chiphalaphala chamoto kulinga ku mzinda wa Goma. Wolemba nkhaniyo anati phirilo linachita spew. Liulo linandikomera m'khutu. Ndinatsegula dikishonale, ndinawerenga mzere woyamba wokha, wonena kuti ndiko kutuluka kapena kutulutsa chinthu chambiri mwamphamvu, ndipo ndinatseka bukulo. Ndinati mumtima mwanga: nanga nzeru za mlendo wathuyu sizidzatuluka zambiri, ndiponso mwamphamvu?

Tsikulo litafika, mlendo atamaliza kulankhula, ndinaimirira ndi kukonza tayi yanga, ndipo ndinati mokweza: "Sir, we thank you for all the wisdom you have spewed on us this afternoon." Ana anzanga anaomba m'manja kolimba, pakuti naonso sanali kudziwa kanthu. Koma ku mipando ya aphunzitsi kunali zina. Wina anayamba kutsokomola, wina anawerama ngati ali kuyang'ana nyerere pansi. Mlendoyo anavula magalasi ake, nawapukuta pang'onopang'ono, nawavalanso. Potuluka anandigwira chanza ndi kundinong'oneza m'Chichewa kuti, "Zikomo mwana wanga, koma m'mimba mwangamu muli bwinobwino." Ine ndinangoti, "Zikomo bambo," osamva chimene anali kutanthauza.

M'mawa mwake aphunzitsi athu a Chingerezi anandiitanira ku ofesi. Sanandikalipire. Anangondipatsa dikishonale yomwe ija nati, "Iwe, tawerenga pomwe paja, koma lero ufike mpaka pansi." Ndinawerenga, ndipo thukuta linayamba kutuluka ngakhale kunali kozizira. Pansi pa mzere umene ndinawerenga dzana lija panali mzere wina: kusanza. Ndinali nditathokoza munthu wamkulu, pamaso pa sukulu yonse, chifukwa chotisanzira nzeru.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndiri kulitsata liuli monga mlenje atsata nyama imene inamuvulaza, ndipo zimene ndapeza ndi izi.

Poyamba, katchulidwe. Ambiri a ife timati sipewu, ena sipo, poganiza kuti limveka monga sew. Iai. Limveka mofanana ndi few ndiponso new, ndipo pakati pa s ndi p palibe i. Likanena za kale limangolandira ed, basi. Lingathe kukhala ndi chinthu chimene chiri kutulutsidwa, monga ponena kuti chumuni cha fakitale chiri kuchita spew utsi, lingathenso kunena za chinthu chotulukacho, monga "black smoke spewed from the old bus." Kawirikawiri limayenda ndi out, ndipo likayenda ndi up, pamenepo ndiye kusanza kwenikweni kwa munthu wodwala kapena woledzera. Zonsezi nzapafupi, ndipo si zimene zinandigwetsa.

Chimene chinandigwetsa ndi mbiri yake. Liuli ndi lakale kwambiri m'Chingerezi, lapitirira zaka 1,000. Makolo a Angerezi ankati spiwan, ndipo kwa iwo kunali kusanza kapena kulavula. Liri ndi abale m'zinenero zina: Ajeremani amati speien, ndipo m'Chilatini munali spuere, kumene kunachokera liu lija la sputum limene timakumana nalo mu Biology ndi ku chipatala, lonena makhololo. Mu Baibulo la Chingerezi la King James liuli analilemba spue, ndipo liri pa Chivumbulutso 3:16, pamene mpingo wa ku Laodikaya udzudzulidwa chifukwa chokhala wofunda. Amene anamasulira Buku Lopatulika anaika pamenepo mau akuti kulavula. Tsono taonani, anzanga: zakutuluka m'phiri, m'chumuni kapena m'paipi zinabwera pambuyo, mofanizira. Munthu amene anayamba kunena kuti phiri liri kuchita spew anali kuliona phirilo ngati chilombo chodwala chimene chiri kukhuthula za m'mimba mwake. Fungo limenelo silinachoke mpaka lero. Mngerezi akamva liuli, ngakhale asaganize za masanzi, amamva kuti chimene chiri kutulukacho ndi chambiri, chosaletseka, ndiponso chosafunika. Mzere woyamba wa dikishonale unandiuza ziwiri zoyambazo. Chachitatucho ndicho mwini wake wa liuli, ndipo ndicho ndinachiphonya.

Kuti zimveke bwino, tiliike pambali pa mnansi wake, liu lakuti gush. Nalonso linena kutuluka kwa madzi kapena chinthu china chambiri mwadzidzidzi ndi mwamphamvu. Mukayang'ana mizere yoyamba yokha m'dikishonale mudzati ndi mapasa. Koma gush siliweruza. Madzi a pa kasupe amachita gush, misozi ingathe kuchita gush, magazi a pa bala lalikulu naonso chimodzimodzi. Ku Iceland kuli kasupe wa madzi otentha otumphukira m'mwamba, dzina lake Geysir, lochokera ku liu la kumeneko lotanthauza kutumphuka komweku, ndipo ndi dzina limenelo limene linabala liu la geyser limene tiphunzira mu Geography. Alendo amapita kukaona akasupe oterewa mokondwa. Koma m'dziko lomwelo, mu April 2010, phiri la Eyjafjallajökull (musandifunse katchulidwe kake) linaphulika ndi kuponya phulusa m'mwamba, kotero kuti ndege za m'maiko ambiri a ku Ulaya zinaima pafupifupi masiku asanu ndi limodzi, ndipo maulendo pafupifupi 100,000 analephereka. Pamenepo olemba nkhani sanavutike kusankha liu. Linali spew.

Chitsanzo chimene chinanditsegula maso koposa ndi cha mafuta a pansi pa nthaka. Pa 10 January 1901, pa malo otchedwa Spindletop, pafupi ndi Beaumont ku Texas, anthu okumba chitsime anaboola pamene panali mafuta, ndipo mafutawo anatumphuka mamita oposa 30 m'mwamba, nakhala ali kutuluka masiku asanu ndi anai asanawatseke. Anthu anathamangira kumeneko ndi chimwemwe, pakuti anaona chuma, ndipo chitsime chotere amachitcha gusher. Patapita zaka 109, pa 20 April 2010, chombo chokumba mafuta chotchedwa Deepwater Horizon chinaphulika pa nyanja ya Gulf of Mexico. Anthu 11 anafa, ndipo mafuta anakhala ali kutuluka pansi pa nyanja masiku 87, kuononga nsomba, mbalame ndi magombe. Mafuta ndi omwewo, akuda ndi onunkha chimodzimodzi. Mphamvu yotulukira ndi yomweyo. Mngerezi angathe kunena gush pa zonse ziwiri, chifukwa liulo lingosimba. Koma akafuna kuti mumve kunyansidwa kwake ndi chachiwirichi, adzati chitsimecho chinachita spew mafuta m'nyanja. Kusiyana sikuli m'mafuta ai, kuli mumtima mwa wolankhula.

Kodi zimenezi nzachilendo kwa ife? Ndikayesa kuganiza, ndimachita manyazi kachiwiri, chifukwa m'chinenero chathu sindikanalakwa chotere ngakhale ndiri m'tulo. Tonse tidziwa kuti madzi amatumphuka pa kasupe, mtsinje umasefukira, mai amakhuthula chimanga m'dengu, amatsanulira thobwa m'chikho, mwana amalavula mankhwala owawa, wodwala amasanza. Zonsezi ndi kutuluka, koma ndani angauze apongozi ake kuti, "Ndakusanzirani thobwa"? Palibe anatipatsa ndandanda ya mau amenewa kuti tiloweze. Tinawamva liri lonse pamalo pake, pamodzi ndi nkhope ya wolankhula, mpaka khutu linazolowera. Ndiponso pali msampha wina apa umene ndiuone ndi anzanga ena. Ife timati munthu walavula zakukhosi, ndipo ndi chinthu chabwino, chifukwa pambuyo pake abale amagwirizana. Mnzanga wina anafuna kumasulira zimenezi mu kompozishoni yake, nalemba kuti agogo ake anachita spew madandaulo ao pa bwalo. Kwa Mngerezi, agogowo asanduka nkhalamba yolalata.

Apa ndiye pali maganizo anga enieni, ndipo ndidziwa kuti ena sadzakondwa nao. Ndiri kutsutsa mwambo umene wafala pakati pathu, wa timabuku tija timene timalembamo mau akuluakulu kumanzere ndi tanthauzo la liu limodzi kumanja. Ine ndinali nako kabuku kotere, kodzaza mpaka chikuto. Timaloweza usiku pa prepu, ndipo m'mawa timafunafuna pokaponya liu lathu latsopano, monga mwana amene wagula legeni afunafuna mbalame. Mu kabuku kotere spew ndi gush ndi pour ndi flow onse alembedwa kutuluka, ndipo mwini kabuku amasankha limene liri kuoneka lachilendo koposa, poganiza kuti oyesa mayeso adzachita nalo mantha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Oyesa mayeso a MSCE ndi anthu odziwa Chingerezi, ndipo mwana wolemba kuti mjigo watsopano wa m'mudzi mwao uli kuchita spew madzi abwino akumwa amawauza chinthu chimodzi chokha: kuti liuli sanakumane nalo m'chiganizo cha munthu, anangolitola pa ndandanda. Ndikanakonda kuti ali yense amene alemba liu m'kabuku kake alembe pamodzi ndi chiganizo chonse chimene analipezamo, ndi kuyang'ana anzake a liulo. Mukatero ndi spew mudzaona okha amene liyenda nao: utsi, phulusa, chiphalaphala, zonyansa za m'mipope, mafuta otayika, mabodza, matukwano, chidani. Simudzapezapo uchi, mkaka, madalitso kapena nzeru, pokhapokha wolembayo ali kunyoza dala.

Tsono pali anzanga ena amene atamva za tsoka langa anati, "Waona? Ife nchifukwa chake timangolemba come out. Limenelo silipweteka munthu." Amenewanso sindivomerezana nao. Inde, come out silidzakuchititsani manyazi, koma silidzanenanso kanthu. Mukaima pa depoti ndi kuona basi yakale iri kufuka utsi wakuda umene ulowa m'maso ndi m'mphuno mwa amai ogulitsa mandasi, ndipo mufuna kulemba kalata yodandaula, come out lidzakusiyani panjira. Pamenepo spew ndilo liu lake, ndipo palibe lina lingagwire ntchitoyo bwino koposa. Kuthawa liu chifukwa linakulumapo kuli ngati kutaya mpeni chifukwa unakucheka chala. Ine sindinalitaye. Ndinalilemba chaka chatha mu kompozishoni yonena za ngalande ya pa msika wa kwathu, ndipo aphunzitsi omwe aja anaikapo chizindikiro chokhoza, nalemba pambali kuti, "Tsopano."

Koma chimene ndifuna kuti tichenjere nacho koposa si polemba ai, ndi powerenga. Liuli likanenedwa za mau a munthu limakhala chiweruzo chobisika. Tiyerekeze kuti mkulu wina walankhula pa msonkhano. Nyuzipepala ina ilemba kuti "he said", ina ilemba kuti "he spewed". Mau amene ananenawo ndi amodzimodzi, koma yachiwiriyo yakuuzani kale, musanawerenge n'komwe, kuti munthuyu ndi wonyansa ndipo zonena zake ndi masanzi. Mwina nzoona. Mwinanso wolembayo angodana naye. Wowerenga amene sadziwa kulemera kwa liuli amameza chiweruzocho osazindikira kuti wamezedwa kanthu, ndipo mawa adzabwereza kwa anzake ngati nkhani yeniyeni. Pa mtsutso wa kalabu yathu teremu yatha, wolankhula wina anati a mbali inayo ali kuchita spew nonsense, pamene iwo anangonena kuti ana a sukulu azivala yunifolomu Loweruka. Anthu anakuwa mokondwa. Ine ndinaona kuti wawombera nkhuku ndi mfuti ya njovu, ndipo sanayankhe mfundo ngakhale imodzi.

Ndinena chotere chifukwa ziripo nthawi zimene liuli liyeneradi, ndipo likatha mphamvu pa nkhani za yunifolomu, tidzanena chiani tikafika pa zenizeni? Ku Rwanda kunali wailesi yotchedwa RTLM, imene inayamba kuulutsa mau mu 1993. Inkatcha Atutsi mphemvu, ndipo pa miyezi ya April mpaka July 1994, pamene anthu mazanamazana a zikwi anaphedwa, inkatchula maina a anthu ndi malo amene anabisala kuti akupha akawapeze. Mu 2003 bwalo la milandu la United Nations limene linkakhala ku Arusha, m'dziko la Tanzania, linapeza olakwa ena mwa atsogoleri a wailesiyo. Olemba mbiri akafuna kusimba m'Chingerezi zimene wailesiyo inkachita, kawirikawiri amati inkachita spew chidani. Pamenepo liuli lakwanira mbali zake zonse zitatu: zinali zambiri, usana ndi usiku, zinali zosaletseka, ndipo zinali poizoni. Ndikakumbuka kuti liu lomwelo ndinalinena kwa bambo wachifundo amene anayenda ulendo wautali kudzatiuza kuti tiziwerenga mabuku, mutu umandilemera.

Mwina wina adzafunsa kuti, nanga ukananena kuti chiani tsiku lija? Ndinafunsanso chomwecho kwa aphunzitsi, ndiri ndi chiyembekezo chakuti gush likanandipulumutsa. Anaseka nati nalonso likanandigwetsa, ngakhale m'dzenje losazama, pakuti Angerezi akati munthu ali kuchita gush polankhula, atanthauza kuti ali kuyamikira mopitirira muyeso, mwa chibwana, monga mtsikana amene waona woimba wotchuka. Liu limene ndinalifuna linali shared, limene ndinalidziwa kuyambira Sitandade 5, koma ndinalinyoza chifukwa linali lodziwika kwa ali yense.

Aphunzitsiwo sanandisiye pomwepo. Anati ndilembe kalata yopepesa kwa mlendoyo, m'Chingerezi, ndipo anaiwerenga kawiri isanapite. Patapita masabata atatu yankho linafika kudzera ku ofesi ya ahedi, lolembedwa ndi dzanja lokongola la anthu akale. Bamboyo anati sanakwiye, ndipo kuti anasimbira mai a kunyumba kwao nkhaniyo, naseka onse awiri mpaka nsima inazizira. Anatinso pa zaka zonse zimene anaphunzitsa, ana amene anamuvutitsa sanali olakwitsa mau, koma okhala chete. Pansi pa kalatayo analemba ziganizo zinai zosamaliza, za kasupe, za fakitale, za tiyi ndi za mtsinje wa Shire, nati ndiikemo gush, spew, pour ndi flow, liri lonse pamalo pake, ndi kuwatumizira. Ndinatumiza. Kalata yao ndinaimata m'kati mwa chikuto cha kabuku kanga kaja, ndipo a Fomu 1 amene afuna kuyesa ziganizozo andipeze ku laibulale Lachitatu masana. Angofunsa za Sipiyu, adzawalozera.